Mwana Asakudikireni Madzi Akamabwera

Amayi anzanga, ambiri a ife tikamachoka pakhomo timasiyira ana mawu amodzimodzi: ukhale pompano, usachoke kufikira ine nditabwera. Ndi mawu achikondi, ndipo masiku ambiri ndi oyenera. Koma sabata ino ndifuna ndikusimbireni za mphunzitsi wina wa ku Japan amene, atafufuza zaka zambiri, anapeza kuti pa tsiku la tsoka mawu amenewa akhoza kupha mwana pamodzi ndi mayi wake.

Dzina lawo ndi a Toshitaka Katada, amene pa nthawiyo anali pulofesa pa yunivesite ya Gunma. Anaphunzira za zomangamanga, koma funso limene linawagwira mtima linali ili: anthu akachenjezedwa za ngozi, nchifukwa ninji sathawa? Cha m'ma 2004 anayamba kupita ku Kamaishi, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere imene inasakazidwapo mu 1896 ndi mu 1933 ndi mafunde aakulu odza pambuyo pa chivomezi, otchedwa tsunami.

Poyamba ankachititsa misonkhano ya akuluakulu, koma obwera anali omwewomwewo. Ife oitanitsa misonkhano ya amayi, izi si zachilendo kwa ife! Tsono anatembenukira ku sukulu. Anafunsa ana chimene angachite chivomezi chitawapeza ali okha panyumba, ndipo ambiri anayankha kuti angaimbire lamya amayi awo, kapena kuwadikira. Mayankhowo anawatumiza kwa makolo kuti adziwerengere okha. Taganizani, mayi kuwerenga kuti mwana wake adzaima pakhomo kumudikira pamene madzi akudza.

Pamodzi ndi aziphunzitsi, a Katada anaphunzitsa anawo kuti asadalire kwambiri mapu osonyeza pamene madzi adzalekezere, pakuti madzi sawerenga mapu. Anawauza kuti akafika pamalo okwera asakhutire ngati pali pena pokwera koposa, ndiponso kuti asachite manyazi kukhala oyamba kuthawa, popeza mmodzi akathamanga ena amamutsata. Koma chimene chinandikhudza ine ndi uthenga umene ana anatumidwa nawo kunyumba: akatsimikizire makolo kuti iwo adzathawa ndithu paokha, motero makolo nawonso athawe, asabwerere kukawafuna. Kumeneko amati tendenko, ndiye kuti yense adzipulumutse. Mawuwa amamveka ouma mtima, koma mayi amene akhulupirira kuti mwana wake wathawa kale sathamangira ku madzi.

Pa 11 March 2011, masana, chivomezi choopsa chinachitika. Khoma lalikulu lotchinga mafunde pa doko la Kamaishi, limene linali litangomalizidwa mu 2009, linagonja. Ana a sukulu ya Kamaishi Higashi anatuluka nathamangira kumtunda, ngakhale mapu ankasonyeza kuti sukulu yawo ili pabwino. Ana a pulayimale ya Unosumai, amene anali atakwera m'zipinda zapamwamba, powaona anatsika nawatsatira, akuluakulu atagwira ang'onoang'ono pa dzanja. Pamalo oyamba othawirapo sanakhutire, anapitirira. Madzi anamiza sukulu zonse ziwiri, nafikanso pamalo oyamba aja. M'tauni yonseyo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, koma mwa ana a sukulu pafupifupi 3,000 anafa ndi asanu. Anthu anachitcha chozizwitsa. Ine, amene sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiona thukuta la munthu wophunzira amene sanatsekere nzeru zake mu ofesi.

Kwathu kuno tsunami kulibe, koma Napolo timamudziwa. Anagwetsa miyala ku Phalombe mu 1991, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe. Musangotengera za ku Japan osaganiza, pakuti madzi athu nthawi zina amachokera kuphiri komweko. Malo othawirako akhale okwera, komanso otalikirana ndi zigwembe ndi mitsinje, ndipo njira yake isawoloke madzi. Khanda ndi gogo wosatha kuyenda, mugwirizaniretu ndi anansi za amene adzawanyamule inu mukadzakhala kumunda kapena kumsika.

Ku gulu lathu tinasankha bwalo la tchalitchi cha pamtunda, ndipo Loweruka lapitali mayi aliyense anayenda njirayo ndi ana ake. Pobwerera, mwana wanga wotsiriza anandigwira chitenje nandifunsa kuti, "Nanga inu amayi mudzakhala kuti?" Ndinamuyankha kuti tikakumana komweko, ndipo iye ndiye akayambe kufika.