Nyuzi yokulungira zitumbuwa

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wabwerako ku Blantyre ndi laputopu kumsana. Anaphunzira zamakompyuta koma ntchito sinapezeke, ndiye watha masabata atatu ali pakhonde pathu pano kwa Mponda akupanga pulogalamu ya pafoni, imene iye amangoti "app". Akuti akufuna achinyamata ayambenso kuwerenga nyuzipepala yeniyeni, ya pepala, yodetsa zala ija.

"Anjomba, n'zosavuta," anatero akundionetsa pafoni. "Munthu agula nyuzi, ajambula kachizindikiro ka pa tsamba loyamba, foni imufunsa mafunso asanu a nkhani za m'katimo. Akakhoza apeza mapointi. Mapointi akachuluka awina mayunitsi."

Ndinamufunsa kuti nyuziyo munthuyo aigula kuti. Anayamba kukanda m'mutu.

Pa boma imapezeka, sindikukana. Koma The Nation ndi The Daily Times amazisindikiza ku Blantyre, ndipo kuti zifike kuno zimayenda makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Zikafika zimathera m'maofesi, m'mabanki ndi m'manja mwa madala ochepa opuma pantchito. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kulunjika kwa Namwera kapena kwa Makanjira, wogulitsa nyuzi amasowa ngati chambo cha m'nyanja ya Malombe. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma lino la Mangochi.

Za mtengo sindichulutsa gaga. Pepala losindikizirapo limagulidwa kunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata wa kabaza akagwira ndalama ya nyuzi imodzi amagula bandulo, pajatu nyuzi yomweyo wina aiponya pa gulu la WhatsApp dzuwa lisanakwere, yakuba, yaulere.

Lachiwiri ndinamutenga mphwangayo kupita naye kumsika. Mayi wina wa zitumbuwa amakulungira malonda ake m'masamba a nyuzi zakale zimene amagula pa kilo. Tinaima pambali. Kunabwera mnyamata wa zaka ngati 16, yunifolomu itatuluka m'buluku, n'kugula ziwiri. Anadya ali chiimire, kenaka anatambasula kapepala konona mafuta kaja pa ntchafu n'kuyamba kuwerenga. Linali tsamba la masewero, nkhani ya Bullets ndi Wanderers ya chaka chatha, yong'ambika pakati. Anawerenga mpaka pamene panang'ambikapo, n'kutembenuza kuti mwina ikupitirira kuseri. Kunali chidziwitso cha kampani yofuna ma tenda. Anakwinya pepalalo n'kuliponya m'ngalande.

Mwana ameneyu sanalonjezedwe mapointi ndi munthu. Chilakolako chowerenga anali nacho kale. Chimene chinasowa ndi theka lina la nkhani.

Palinso chilankhulo. Nyuzi zikuluzikulu n'za Chingerezi, ndipo Chichewa chimabwera ngati ndiwo zapambali: Tamvani mu Weekend Nation, Tikambe mu Malawi News, Msangulutso mu Nation on Sunday. Kuti uwerenge masamba ochepa amenewo ugule kaye mtolo wonse. Fuko, imene a Nation Publications anayamba kugawa ulele m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndinaonapo anthu akulimbirana mpaka kung'ambirana. Boma Lathu nayo, ikafika. Koma kuno mwana amadzuka ndi Chiyao, amakagula nacho sopo pa hokala, amakangana nacho pa bawo. Chiyao chimamveka pa wailesi za m'dera muno monga Dzimwe, pomwe m'nyuzi za ku Blantyre ungachisake mpaka maso kuwawa.

Tsono ndinamufunsa mphwanga kuti akumbukire tsiku limene anaonapo wachinyamata akuthamangira nyuzipepala ndi ndalama m'manja. Anaganiza pang'ono n'kuseka, chifukwa munthuyo anali iye mwini. Linali tsiku limene maina a osankhidwa kupita ku yunivesite anatuluka. Anali atadziona kale pafoni ya mnzake, komabe anakwera njinga kupita pa boma kukagula nyuziyo. Mayi ake anazunguliza dzinalo ndi cholembera chofiira, anajambula tsambalo n'kutumizira mkulu wake amene ali ku Joni, ndipo mpaka lero pepalalo lili pansi pa sutikesi limodzi ndi makadi a sikelo a ana onse. Za pa Facebook zimakwiririka pofika mawa, foni imagwera m'madzi kapena kubedwa pa depoti. Dzina likalowa pa pepala limakhala umboni woti ungawaonetse agogo amene sadziwa kutsegula foni.

Apa mpamene ine ndi mphwanga tasiyana. Iye akufuna foni ikankhire mwana ku nyuzi imene simudziwa n'komwe mwanayo. Ine ndikuti pulogalamuyo iyende chobwerera: inyamule za kwa Mponda kupita nazo ku Blantyre. Mtsikana wa pa doko alembe kuti chigoba cha usipa chagulidwa zingati m'mawa uno. Wa timu ya m'mudzi atumize zigoli za bonanza ndi chithunzi cha amene wagoletsa. Wina anene za mjigo umene wafa kuyambira nthawi ya Ramadan, wina za ng'ona imene ikuvutitsa amayi ochapa pa Shire. Mkonzi aunike, aimbe foni kutsimikiza, pakuti popanda zimenezo tsambalo lidzadzaza miseche ndi nkhani za chibwenzi cha eni. Zoona zokhazo zisindikizidwe, dzina la wolemba ndi mudzi wake zili pamwamba. Kenaka foni ilire Lachisanu madzulo: mawa dzina lako lili pa tsamba 6.

Mukuganiza kuti mwana ameneyo agona? Adzauza anzake khumi, asonkherana pa Mpamba kapena Airtel Money monga amachitira pogula mpira, ndipo pulogalamu yomweyo idzauza wa kabaza wa pa boma kuti pa sitolo yakuti akufuna nyuzi zitatu. Nyuzi imodzi kuno siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Imayenda kuchokera kometera tsitsi kupita kwa telala, n'kukathera kwa mayi wa zitumbuwa uja.

Mphwanga anati zimenezo n'zoti eni nyuzi avomereze kaye, ndipo sangamvere mwana wosadziwika wa ku Mangochi. Ndinamukumbutsa kuti Aleke Banda, amene anayambitsa The Nation mu 1993, anali ndi zaka 20 zokha pamene ankayamba kutulutsa Malawi News mu 1959. Anandiyang'ana ngati ndikumuuza nthano ya kalulu. Ndinamuwonjezeranso kuti ambiri a pa doko ali ndi foni za mabatani, choncho chilichonse chimene akupanga chiyenera kuyenda ngati momwe timatumizira ndalama, pongodina nyenyezi, manambala ndi hashi. Pamenepo ndiye anadandaula kwambiri, poti mitundu yokongola imene anaikonza masabata atatu siingaoneke pa kafoni kotero.

Mafunso asanu aja sanawachotse, akuti ndi mtima wa app yake. Koma dzulo analawira ndi kope kupita kudoko kukafunsa mitengo ya usipa kuti ayesere. Anabwerako dzuwa lili pamutu, nsapato zili m'manja, atalemba mizere inayi yokha. Akuti alovi anamuuza mtengo, kenaka mmodzi anamufunsa kuti dzina lake likatuluka m'nyuzimo, a Fisheries nawo amawerenga?