Kodi Ndani Analodza Agalatiya?

Pa Agalatiya 3:1, mtumwi Paulo akudzudzula akhristu a ku Galatiya, dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey, ndipo akuwafunsa kuti wawalodza ndani. Munthu wa kuno m'mbali mwa nyanja, ku Nkholongue kapena ku Metangula, akamva mawu akuti kulodza, maganizo amathamangira kwa mfiti youluka usiku pa lichero. Tiyeni tifatse, tione chimene Paulo ankanena.

Kalatayi inalembedwa m'Chigiriki, ndipo liwu lomwe lili pavesili ndi baskaino. M'Chipangano Chatsopano chonse limapezeka pamalo okhawa. Agiriki ankakhulupirira kuti munthu wakaduka angathe kuvulaza mnzake pongomuyang'ana. Podziteteza ku diso loipalo, ena ankavala zithumwa, ena ankalavula malovu. Liwu lomweli linkanenanso za kaduka ndi kuumira: m'Baibulo lachigiriki lotchedwa Septuagint, pa Deuteronomo 28:54, likunena za munthu womana m'bale wake chakudya pa nthawi ya njala. Linkanenanso za kukopa munthu mpaka nzeru zake zitasokonekera.

Tanthauzo lomalizali ndi lomwe likugwirizana ndi kalata yonse. Paulo sakutchula mfiti kapena mankhwala paliponse pamene akufotokoza vuto la Agalatiya. Akutchula aphunzitsi omwe anafika iye atachoka, n'kumauza akhristu osakhala Ayuda kuti chikhulupiriro pachokha n'chosakwanira, ayenera kusunganso malamulo a Mose. Agalatiya anatengeka ndi mawu okoma monga usipa umathamangira nyali usiku, osaona chilimira chomwe chikuuzinga. N'chifukwa chake Paulo sakuwatumiza kukaombeza. Akuwakumbutsa za Khristu wopachikidwa, amene anali atalalikidwa poyera pakati pawo, ndipo akuwafunsa mafunso kuti aganize okha.

Kwa ife anthu a m'mbali mwa nyanja, nkhaniyi si yapatali. Pachilumba cha Likoma, kachisi wamkulu wa Petro Woyera, yemwe amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903, ali pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mpaka lero, mwana akadwala kapena ukonde ukabwera wopanda kanthu, chala chimafulumira kuloza agogo osauka omwe alibe wowateteza. Wotenga vesi ili ngati chilolezo chosakira mfiti walipotoza, ndipo akupalamula mlandu wozunza osalakwa.

Vesili likutichenjeza za wonyenga amene amabwera masana, wovala bwino, wapakamwa pozuna. Angakhale mlaliki wogulitsa mafuta odzozera, sing'anga wolonjeza chizimba cha nsomba, kapena mlendo wonena kuti ndalama zanu zidzaswana pakatha sabata. Chitetezo chake ndi kufunsa: kodi zomwe akunenazi zikugwirizana ndi Malemba? Nanga ndikavomera, apindule ndani? Akhristu ndi Asilamu a m'mudzi muno, tiphunzitse ana athu mafunso amenewa adakali aang'ono, ndipo agogo athu tiwasiye akalambe mumtendere.