Kazitape ndi Chinsinsi Chake

M'tinyumba toonetsera kanema pa Nsaru, achinyamata amachemerera James Bond akamagonjetsa adani ake. Koma akatswiri ena a mafilimu amaonamo nkhani ina. Iwo amati kazitape, amene amayenda ndi mayina awiri ndi kuopa kugwidwa tsiku ndi tsiku, afanana ndi mwamuna wokonda mwamuna mnzake m'dziko limene lamulo limaletsa zotere. Amapereka chitsanzo cha filimu ya Skyfall ya mu 1912 kuphatikiza zaka 100, ndiye kuti 2012, m'mene mdani Silva asisita Bond atam'manga pa mpando, Bond nayankha ngati munthu amene zoterezi sizachilendo kwa iye.

Maganizo amenewa ali ndi gwero lake m'mbiri. John Vassall, mlembi ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Moscow, anajambulidwa ali ndi amuna anzake. A KGB anamuopseza ndi zithunzizo kufikira anayamba kuwapatsa zinsinsi za boma lake, ndipo mu 1962 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 18. Nthawi imeneyo lamulo la ku England linkalanga mchitidwewu, ndipo linasinthidwa mu 1967.

Kuno ku Malawi, ndime 153 ya malamulo a milandu ipereka chilango chofika zaka 14, ndipo mu 2024 bwalo la milandu linakana kuithetsa. Aphunzitsi ndi ophunzira angasiyane maganizo pa nkhaniyi, komabe funso ili nloyenera kulifunsa m'kalasi: lamulo likakakamiza munthu kubisa moyo wake, apindula ndani? Pa nkhani ya Vassall anapindula ndi adani a dziko lake, pakuti mantha ake ndiwo anawatsegulira khomo.