Makiyi a zinsinsi za boma ali m'manja mwa yani?

Mu April 2024, boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, kumpoto kwa dziko la Germany, lidalengeza kuti lichotsa Microsoft Office m'makompyuta ake pafupifupi 30,000 n'kuikamo LibreOffice, ndipo Windows idzalowedwa m'malo ndi Linux. Kupulumutsa ndalama za malaisensi chidali chifukwa chimodzi, koma nkhani yaikulu idali yoti boma lidzilamulira lokha zinsinsi za nzika zake.

LibreOffice ndi Linux ndi mapulogalamu a open source. Malangizo onse amene amawayendetsa ali poyera, moti katswiri aliyense angathe kuwawerenga, kuwakonza ndi kufufuza ngati pulogalamuyo ikutumiza uthenga kwina mwamseri. Pa pulogalamu yobisa malangizo ake, wogula amangodalira mawu a wogulitsa.

Nkhawa ya maboma a ku Ulaya ili ndi maziko. Lamulo la CLOUD Act, limene dziko la America lidakhazikitsa mu 2018, limalola akuluakulu a zamalamulo kulamula kampani za m'dzikolo kupereka uthenga umene zikusunga, ngakhale utasungidwa kunja. Choncho kalata ya boma la Germany yosungidwa ndi kampani ya ku America mumzinda wa Frankfurt ingathe kufunidwa ndi khoti la tsidya la nyanja.

Komabe njira imeneyi ili ndi minga. Khonsolo ya mzinda wa Munich idasankha Linux mu 2003, koma mu 2017, utsogoleri wa mzindawo utasintha, makhansala adavota zobwerera ku Windows. Ntchito ya zaka zambiri idagwedezeka ndi mavoti a tsiku limodzi. Kukhala poyera sikutanthauzanso kuti pulogalamu ndi yotetezeka: mu March 2024, katswiri Andres Freund adatulukira khomo lachinsinsi limene munthu wina adabisa mu XZ Utils, kapulogalamu kamene makompyuta ambiri a Linux amadalira. Chiwembucho chidagwidwa msanga chifukwa malangizo adali oti munthu angawafufuze, koma chidaonetsanso kuopsa kosiyira anthu ochepa ongodzipereka ntchito yofunika chotere.

Dziko lino nkhaniyi ikulikhudza. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu ya open source imene imayendetsedwa ndi University of Oslo ku Norway. Kumbali ina, kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Ofuna kupita kukaphunzira, kukalandira chithandizo kapena kukachita malonda kunja ndiwo adavutika.

Chaka chomwecho dziko lino lidakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, limene lidapatsa bungwe la MACRA udindo woteteza uthenga wokhudza anthu. Koma lamulo palokha silingateteze zidindo za zala ndi manambala a ziphaso za unzika ngati boma silingathe kuona mmene makina osunga zinthuzo amagwirira ntchito. Pamene aphungu akuunika mgwirizano uliwonse wogula makina a boma, ayenera kufunsa amene adzasunge makiyi, amene adzaloledwe kufufuza malangizo ake, komanso ngati Amalawi aphunzitsidwa kuwayendetsa tsiku limene wogulitsa adzachoke.