Mantha Amalanda Mwana Malo Oganizira

Mwezi wa February ndinapita kukayendera wophunzira wathu wina amene anali kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Thyolo. Phunziro linali masamu a m'mutu mu Sitandade 5. Mphunzitsiyo anaimiritsa mtsikana wina, nagogoda tebulo ndi kamtengo, nati, "72 kuchotsa 38. Fulumira!" Mwanayo anangoti kakasi, milomo ikunjenjemera, ndipo anzake anaseka. Titatuluka, mphunzitsiyo anandinong'oneza kuti, "Bambo, ameneyo ndi mbuli, musadabwe naye." Koma pa nthaŵi yopuma ndinampeza mwana yemweyo akuŵerengera mnzake makilogalamu a masamba amene mai ake anathyola sabata imeneyo, tsiku ndi tsiku, osalakwa ndi pang'ono pomwe. Tsono umbuli uja unapita kuti?

Ine ndikuti mwanayo masamu amawadziŵa, koma mantha anamlanda malo oganizira. Mu 1974 Alan Baddeley ndi Graham Hitch anafotokoza kuti m'mutu mwa munthu muli kamalo kochepa kosungirako zinthu zimene akuzigwiritsa ntchito pa nthaŵi yomweyo. Tingakayerekeze ndi lichero: ukadzazamo gaga, ufa uikanso pati? Kuti mwana achotse 38 mu 72 ayenera kusunga manambala onse aŵiri, kubwereka khumi, ndi kukumbukira kuti wabwereka. Akayambanso kuganiza za kamtengo ndi za kuseka kwa anzake, lichero ladzala, ndipo khumi lobwereka lija limatayika.

Ngakhale akatswiri opanga makina otsanzira kuganiza kwa munthu anakumana nacho chimenechi. Herbert Simon, mmodzi wa oyambitsa ntchitoyi, analemba mu 1967 kuti maganizo a munthu amadukizidwa ndi zochitika mu mtima, monga mantha, kotero kuti wofuna kutsanzira munthu sangazisiye kunja. Mu 1993 ofufuza a ku Trier, m'dziko la Germany, anafalitsa njira yosautsira munthu mwadala pofuna kuyeza nkhaŵa yake. Amamuimiritsa pamaso pa oweruza osamwetulira, namuuza kuti azichotsa 13 mu 1022 mokweza, mobwerezabwereza, ndipo akalakwa ayambirenso. Mtima umathamanga, ndipo m'thupi mumachuluka cortisol, mankhwala amene thupi limatulutsa pa nthaŵi ya nkhaŵa. Pambuyo pake Frank Ritter ndi anzake ku Pennsylvania State University anachititsa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ACT-R masamu ochotsera otereŵa. Kuti ifanane ndi anthu enieni, anayenera kusintha liŵiro lake ndi kakumbukiridwe kake ka manambala molingana ndi mmene anthuwo analili.

Taonani bwino, aphunzitsi a maŵa. Chimene akatswiri anasankha kukhala chida chosautsira akuluakulu ndicho chimene ife timachita kwa ana a zaka khumi m'maŵa uliwonse, n'kumachitcha masamu a m'mutu. Ndiponso chikonzero cha phunziro chimene mumalemba usiku chili ngati makina aja: mumayerekeza mwana amene adzamva, nakumbukira, nayankha m'mphindi zimene mwampatsa. Mwana wotereyo alibe mimba, alibe mtima, ndipo m'kalasi mwanu simudzampeza.

Amene mudzampeza ku Thyolo ndi wina. Nyengo ya mvula ndiyo nyengo yothyola tiyi wambiri, ndipo makolo amalaŵirira kumunda kusanache bwino. Mwana amatsala akusamalira ang'ono ake, natunga madzi, nayenda m'matope, kaŵirikaŵiri wosadya kanthu chifukwa miyezi yomweyo ndiyo ya njala. Pofika pa khomo la kalasi lichero lake lili kale ndi katundu. Mphunzitsi akawonjezerapo ukali, chotsala n'chiyani?

Ndikudziŵa kuti ena adzati, "Ife tinakula ndi chikoti, ndipo matebulo tinawaloŵeza." M'mawuŵa muli choona pang'ono. Mu 1908 Robert Yerkes ndi John Dodson anayesa mbeŵa pozilanga ndi magetsi zikasankha molakwa. Anapeza kuti chilango champhamvu chinkafulumiza kuphunzira pa ntchito yosavuta, koma pa ntchito yovuta chinkaononga. Mantha angaloŵetse matebulo m'mutu, koma sangaphunzitse mwana kumasula funso lofuna kulingalira. Tisaiŵalenso kuti amene amatamanda chikoti ndi amene anapulumuka. Anzawo amene anathaŵa sukulu ali mu Sitandade 4 sitiwamva, pakuti salemba m'magazini.

Sindikuti kalasi likhale lotayirira. Kachangu pang'ono kamadzutsa mwana, monga mchere m'ndiwo, ndipo mlingo wake ndiwo luso la mphunzitsi. Choncho mukafunsa funso, dikirani. Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndi kuti akafikitsa masekondi atatu mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Lolani ana ayambe alemba yankho m'kope kapena pa mchenga, aonetsane aŵiriaŵiri, kenaka wina aimirire. Kamtengo kakhale kolozera pa bolodi basi. Ngati sukulu yanu imaphika phala, ikani phunziro lovuta ana atamwa. Ndipo mayeso a Sitandade 8 asanafike, azoloŵezeni kulemba pa nthaŵi yoŵerengeka, kuti tsikulo lisadzakhale lachilendo.

Koposa zonse, musafulumire kutcha mwana mbuli. Dzina limenelo likamkakamira, limakhala nkhaŵa ina yoti aisenze tsiku lililonse. Yambani mwamfunsa funso lomwelo ali phee, pansi pa mtengo, popanda omseka. Akalephera pamenepo, mphunzitseninso. Akakhoza, dziŵani kuti chofunika kukonza ndi kafunsidwe kanu.