Mukuseka Kalata Zathu, Nanga Chitseko Anatseka Ndani?

Achinyamata anzathu a ku Phalombe, ndi nonse amene munachoka kuno kukasaka m'tauni, tikambirane nkhani ya kalata zofunsira ntchito.

Masiku ano mabwana ena olemba anthu ntchito apeza choseketsa chatsopano. Akalandira kalata yachilendo amaijambula n'kuiponya m'magulu a WhatsApp kuti anzawo aseke. Tonse taziwonapo. Wina wayamba ndi vesi la m'Baibulo. Wina walemba kuti ndi mwana wamasiye ndipo akusamala abale ake asanu. Wina watumiza voisi noti m'malo mwa CV. Wina akuti "ntchito iliyonse imene ilipo, bwana". Wina walonjeza kugwira ulere miyezi itatu, mnzake walonjeza kupereka malipiro oyamba onse. Pansi pa chithunzicho pamabwera ndemanga yodziwika ija: "Awa ndi ma graduate athu a masiku ano."

Ife tikuti musanaseke, dzifunseni chimene chamufikitsa munthu pamenepo. Palibe amene amayamba ndi kalata yachilendo. Yoyamba imakhala yolongosoka, monga anatiphunzitsira ku koleji. Yakhumi chimodzimodzi. Koma ukatumiza makalata kwa zaka ziwiri osalandira ngakhale ka meseji koti "talandira", umayamba kuyesa njira ina iliyonse kuti wina akuwone kuti ulipo. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Kalata yachilendo kuposa zonse ndi imene mabwanawo saizindikira n'komwe: ya munthu amene wabisa digiri. Ambiri mwa ife tikufunsira ntchito ya ulonda, ya m'shopu kapena ya umesenjala ndi satifiketi ya MSCE yokha, chifukwa tikaonetsa digiri amati taphunzira mopitirira, tidzathawa. Tikafunsira ya digiri amati tibwere ndi zaka zisanu za ekisipiriyensi. Wa zaka 24 azitenga kuti zaka zisanu? Makolo anagulitsa nandolo ndi mbuzi kuti tipeze pepalalo, lero tikulibisa pansi pa matiresi ngati katundu wakuba.

Kwa ife a ku Phalombe kalata imodzi ndi ndalama. Kufotokopa mapepala, kudinditsa, envelopu, bandulo, kenako thiransipoti. Ukakhala ku Chiringa, ku Nkhulambe kapena ku Migowi, intavyu ya ku Blantyre imadya ndalama ya ufa wa banja lonse. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, mabanja ambiri kuno anataya nyumba ndi minda, ena ndi mapepala a sukulu omwe. Ndiye munthu wotereyu akalemba za mavuto ake m'kalata, mukuti ndi sewero?

Tiyeni tione mbali inayo, chifukwa zachilendo zenizeni zili kwa olembawo. Mu June 2020, Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu kuti angofika ku intavyu ya ntchito za alangizi a zaumoyo m'midzi. Kunafika chinamtindi cha anthu, ndipo pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu anthu oposa 100 anavulala popondana. Chaka chomwecho mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni. Mu 2018 boma linayambitsa pulogalamu ya ma intern, koma kontilakiti ikatha ambiri amabwerera pamene anali. Mu November 2023 achinyamata oposa 200 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Dziko limene ana ake amapondana pageti ndi kuthamangira kunkhondo kuti apeze ntchito lilibe chifukwa chosekera voisi noti.

Sitikunena kuti kalata iliyonse yachilendo ndi yabwino. Vesi silisonyeza kuti umadziwa akaunti, ndipo umasiye si luso. Bwana ali ndi ufulu wokana. Koma kukana ndi kwina, kuchititsa manyazi ndi kwina. M'kalata muja mumakhala dzina, nambala ya foni ndi mudzi wa munthu. Anakupatsani mokukhulupirirani, inu mukuzimwaza pagulu. Ku Johannesburg mu 2016 mtsikana wina amene anaphunzira uinjiniya anaima pa maloboti ndi chikwangwani chopempha ntchito, ndipo makampani anamuimbira foni. Iwo anaona munthu wolimba mtima. Kuno akanamujambula n'kumuyesa wamisala.

Choncho kwa olemba ntchito onse, aboma, amabungwe ndi amakampani, tikupempha izi:

1. Mukalandira kalata yankhani, ngakhale meseji ya mzere umodzi.
2. Ntchito za m'boma lino zimatidwe pa bolodi ku khonsolo ndi m'misika ikuluikulu, osati pa intaneti pokha.
3. Mayina a oitanidwa ku intavyu aikidwe poyera.
4. Ntchito yoyambira isafune zaka zisanu.
5. Ngati malo muli nawo kale mwini wake, musatidyere ndalama ya thiransipoti.
6. Kalata ya munthu isapezeke m'gulu la WhatsApp.

Kwa ife eni ake, mawu ndi awa. Tisagwade m'kalata. Lembani zimene mumatha kuchita, mwachidule, ndipo mnzanu awerenge musanatumize. Musalonjeze malipiro anu kwa aliyense, ndipo wokuuzani kuti mulipire kuti dzina lilowe kapena kuti "tikumane ku loji" kamuneneni ku ACB kapena kupolisi. Ngati ofesi ya boma yalemba anthu mokondera, ofesi ya Ombudsman ili ndi mphamvu yofufuza. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limatilola kufunsa maofesi a boma mmene ayendetsera zinthu. Sungani malonda a ntchito, tsiku limene munatumiza ndi meseji iliyonse, chifukwa popanda umboni adzati ndi nsanje chabe.

Ndipo chithunzi cha kalata ya mnzathu chikafika pa foni yanu, chithere pomwepo. Osachitumiza, osaikapo ka emoji koseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'malo mwake tumizani uthengawu, ufike mpaka m'magulu a mabwanawo.