Mukufuna Dalitso la Ayuda, Koma Meda Zanu Ndi Ziwiri

 Lero ndilankhula mosapsatira. Amene akhumudwe andikhululukire, koma awerenge mpaka kumapeto.

Sabata yatha mayi wa pabenchi loyandikana ndi langa anakana kukongoza munthu mchere. Wokanidwayo pochoka anati, "Inu ndinu Myuda, dzanja lanu ndi louma." Anthu anaseka. Chodabwitsa n'chakuti bambo yemweyo anaika mbendera ya Israel pafoni yake, ndipo Lachisanu lililonse amachezera usiku kupempha dalitso la Abrahamu kuti bizinesi ikule. Ndiye kwa ife Myuda ndi zinthu ziwiri basi: masana ndi mawu otukwanira, usiku ndi chithumwa cha ndalama. Zonse ziwirizi ndi bodza, ndipo ndi chipongwe kwa anthu amene sitinavutike n'komwe kuwadziwa.

Kodi mukudziwa kuti Ayuda anakhala nafe m'dziko muno? Ambiri anachokera ku Lithuania, kuthawa umphawi ndi chizunzo. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, anafika ku Barotseland mu 1901 n'kuyamba malonda a ng'ombe. Ena anatsegula masitolo ku Livingstone, ku Lusaka ndi kumigodi. Anali amalonda ngati ife, odziwa fumbi la pamsewu ndi ngongole yosabwezedwa.

Tsono imvani za mmodzi wa ana awo, a Simon Zukas. Anabadwira ku Lithuania mu 1925, nafika ku Northern Rhodesia mu 1938, nkhondo yaikulu ili pafupi. Ayuda ambiri amene anatsala kwawo anaphedwa m'nkhondo imeneyo. Mnyamatayu anakaphunzira uinjiniya ku Cape Town. Ndi khungu loyera ndi pepala la uinjiniya, masiku amenewo chilichonse chinali chomutsegukira. Inali nthawi imene agogo athu sankaloledwa kulowa m'masitolo ambiri a azungu, ankagulira pawindo la kumbali, n'kupatsidwa nyama yokulungidwa kale osaiona. Iye akanatha kulowera pakhomo la kutsogolo moyo wake wonse. Koma mu mzinda wa Ndola anakakhala pansi ndi anyamata akuda a Congress, nakhazikitsa nawo komiti yokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija makolo ankachitcha Fedeleshoni. Boma la atsamunda linamumanga, ndipo mu 1952 linamuthamangitsira ku Britain. Analoledwa kubwerera Zambia italandira ufulu mu 1964. Werengani nokha zaka zimenezo. Munthu wothawa kwawo ali mwana, kuthamangitsidwanso kachiwiri chifukwa cha anthu amene sanali a mtundu wake. Ili ndi dzanja louma limeneli?

Ndipo sanathere pomwepo. Mu 1991 anthu a ku Sikongo anawasankha kukhala phungu wawo, nakhala nduna m'boma la MMD. Mu 1996 malamulo a dziko atasinthidwa kuti munthu amene makolo ake anabadwira kunja asaime pa upulezidenti, lamulo limene linatsekereza a Kaunda, a Zukas anatula pansi udindo. Galimoto ya boma anaisiya. Ife kuno timakangana mwezi wathunthu chifukwa cha mpando wa komiti ya msika, wopanda ndi malipiro omwe. Anamwalira ku Lusaka mu 2021 ali ndi zaka 96.

Mwina muti ameneyo anali munthu mmodzi. Chabwino. Ayuda atachepa m'dziko muno, masunagoge a m'matauni a kumigodi anatsala opanda anthu. Bungwe lawo, Council for Zambia Jewry, linagulitsa nyumbazo, ndipo ndalama zake zinathandiza sukulu ya madokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Sanagawane. Nyumba zimene makolo awo ankapemphereramo zinasanduka maphunziro a ana a anthu ena. Ife mpingo ukagulitsa ngakhale malata akale, mlandu wake umafika kwa amfumu.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Ayuda onse anali angelo. Ambiri anakhala chete kusamala masitolo awo. Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, bambo ake analinso Myuda wa ku Lithuania. Ku South Africa chimodzimodzi: Denis Goldberg anamangidwa pamlandu wa Rivonia pamodzi ndi Nelson Mandela, nakhala m'ndende zaka 22, pamene Percy Yutar, amene ankawaimba mlanduwo, analinso Myuda. Mwaona? Magazi amodzi, njira ziwiri. Chilungamo sichiyenda m'magazi, munthu amachita kuchisankha, ndipo chimamudyera kanthu. N'chifukwa chake wotukwana "Myuda" ndi wopembedza "Myuda" onse aphonya.

Tsopano tibwere kunyumba, chifukwa ndi kuno kumene ndikufuna. Mabuku a Chipangano Chakale amene timawerenga Lamulungu lililonse tinawalandira kwa Ayuda. Inu mumasankhamo mavesi a ng'ombe ndi golide wa Abrahamu. Bwanji simufika pa Levitiko 19, pamene akuletsa kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa? Bwanji mumadumpha Deuteronomo 25, pamene akuletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono? Mneneri Amosi pa mutu 8 sakukalipira achifwamba a m'tchire ayi. Akukalipira amalonda ochepetsa muyeso n'kukweza mtengo. Akukalipira ife.

Ndani sadziwa zimene zimachitika nyengo yokolola mpunga? Timapita kwa Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda ndi meda yotenthedwa pamoto kuti itukuke mimba. Mlimi amene wagona m'munda miyezi kupirikitsa njovu ndi mbalame timamugula ndi meda imeneyo, yodzaza mpaka kusefukira, kenako "ikanipo ka basela". Tikafika pamsika timatulutsa meda ina, yophwanyidwa pansi. Mu Januwale njala ikaluma, mlimi yemweyo timamupatsa kaloba, thumba limodzi adzabweze awiri. Mnyamata wotsitsa matumba m'lole timamuuza kuti abwere mawa, mawa lake osafika. Ineyo ndinazichitapo zimenezi zaka zambiri, sindikubisa. Ndinasiya tsiku limene mayi wina wokalamba anayang'ana meda yanga, nandiyang'ana ine, osanena kanthu, n'kuthiramo mpunga wake. Sindinagone.

Muti, "Nanga ndikasiya ndekha, anzanga akupitiriza, ana anga adya chiyani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Msewu wa ku Lundazi umadya phindu tisanafike n'komwe. Koma a Zukas sanaime okha, anapanga komiti ndi anzawo. Mutu umodzi susenza denga. Chilimba timachidziwa kuyendetsa bwinobwino, ndalama za maliro timasonkha osalephera. Chikutikanika n'chiyani kugwirizana kuti pamsika pano meda ikhale imodzi, yodindidwa ndi komiti, yogulira ndi yogulitsira yomweyo? Kuti sikelo ikhale poyera, mlimi aziwerenga yekha manambala? Kuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe? Ndipo mlendo wochokera ku Malawi kapena ku Tanzania akamaponderezedwa pamsika, timuimire, chifukwa nafenso pa nthawi ya mavuto anatiimira mlendo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Mbendera pafoni siilipira kanthu. Mafuta odzozera sawongola meda yokhota. Ngati mukufunadi kutengera Ayuda, tengerani awa amene anataya mtendere wawo mu Ndola ndi mu Lusaka kuti wosauka alowere pakhomo la kutsogolo. Ndipo mawu aja otukwanira, chonde atheretu pamsika pano.

Mawa m'mawa musanatsegule benchi, tulutsani meda zanu zonse ziwiri, muziike pamodzi, muziyang'ane. Imodzi ipite kukatungira madzi.

Ambuye atichitire chifundo tonse, kuyambira ine. Mugone bwino.